Kugwa kwa Madzi, Kugwa kwa Masamba, Kugwa kwa Munthu

Pakati pa anthu ophunzira, ngakhale amene anakhalitsa pasukulu, pali chikhulupiriro chakuti liwu lililonse la Chingerezi lili ndi mnzake mmodzi yekha m'chinenero chathu, ndi kuti ntchito ya ife okonza madikishonale ndiyo kungowandanda awiriwo, ili kumanzere, ilo kumanja. Ine amene ndakalambira pa ntchito imeneyi, kuphunzitsa Chingerezi usana ndi kusanthula mawu madzulo, ndifuna lero ndikuonetseni, inu awerengi olemekezeka, kuti mulibe matsenga m'ntchito yathu, koma khama ndi kuleza mtima, pakuti akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndipo popeza tikhala mu Livingstone, mzinda umene ana ake ambiri amapeza chakudya chifukwa cha madzi akugwa, palibe liwu lotiyenera kuposa lakuti “fall”.

Ntchito yathu yoyamba ndiyo kutola. Timatchera khutu m'kalasi, m'bwalo la milandu, m'tchalitchi, m'mahotela ndi pa msika wa ziboliboli wa Mukuni Park, timawerenga nyuzipepala ndi makalata, ndipo paliponse pamene liwulo laonekera timalemba chiganizo chonse pa kapepala kakekake, pakuti liwu lochotsedwa pakati pa anzake silinena kanthu kodalirika. Umu ndimo anachitira James Murray, amene anapatsidwa udindo wokonza dikishonale yaikulu ya Oxford mu 1879: podziwa kuti mutu umodzi susenza denga, anapempha awerengi a m'maiko ambiri kuti azimtumizira ziganizo zimene anazipeza m'mabuku, ndipo ntchitoyo inakula kotero kuti iye anamwalira mu 1915 asanaone chimaliziro chake, chimene chinafika mu 1928. Momwemonso David Clement Scott wa ku Blantyre, asanatulutse dikishonale ya Chimang'anja mu 1892, anayamba wakhala pansi kumvetsera eni chinenero.

Timapepalato tikachuluka, ntchito yachiwiri ndiyo kutigawa m'milu, uliwonse ndi tanthauzo lake. Mulu woyamba ndi umene aliyense audziwa, wa chinthu chochoka pamwamba ndi kufika pansi chosafuna. Wachiwiri ndi wa kwathu kuno: liwulo likakhala dzina, nalandira chilembo cha s kumapeto, litanthauza mathithi. David Livingstone atafika pano mu Novembala 1855, naona Zambezi, wotambalala mamita oposa 1,700, alikudziponya m'phompho limene pena kuya kwake kupitirira mamita 100, anawatcha Victoria Falls polemekeza mfumukazi ya kwawo, chinkana eni dziko anali nawo kale maina awo, Mosi-oa-Tunya ndi Shungu Namutitima.

Mulu wachitatu ndiwo umapunthwitsa anyamata ndi asungwana athu ogwira ntchito ya alendo. Munthu wa ku America akalemba kuti adzafika “in the fall”, sanena za mathithi konse. Anena za miyezi ya Seputembala, Okutobala ndi Novembala, pamene masamba amayoyoka kwawoko, nyengo imene wa ku London amaitcha “autumn”. Mlembi wa pahotela wodziwa ntchito yake ayenera kumchenjeza mlendoyo kuti miyezi imeneyo kuno ndi chilimwe, pamene madzi a mbali ya Zambia amachepa kufikira thanthwe lionekera poyera, ndi kuti wofuna utsi ndi mkokomo wonse abwere cha mu Epulo.

Mulu wachinayi ngwa zinthu zolemera: mlaliki akati “the Fall” anena za kuchimwa kwa Adamu ndi Hava m'munda wa Edeni, ndipo pa tsiku lokumbukira nkhondo “the fallen” ndiwo asilikali amene sanabwerere kwawo. Mu mulu wachisanu, umene uli waukulu koposa, kugwa kwenikweni mulibemo. Liwulo litsamira pa linzake nasandulika. “Fall asleep” ndi kugona tulo, “fall ill” ndi kudwala, “fall out” ndi kuyambana, “fall behind” ndi kutsalira, “fall short” ndi kuperewera, ndipo malonda amene anapanganidwa koma osachitika amawanenera kuti “fall through”.

Izi zisatidabwitse, monga ngati Chingerezi chokha ndicho chili ndi nyambo zotere. Kwa ifenso mvula imagwa, njala imagwa m'dziko, munthu amagwa mphwayi, amagwa ulesi, amagwa khunyu, ndipo tikamva mfuwu pamudzi timafunsa kuti kwagwanji. Koma milu yathu ndi milu yawo siilingana: pamene Mngerezi abwereza liwu lake limodzi lomwelo, ife timati masamba ayoyoka, khoma lagumuka, mtengo wa chimanga watsika, kunja kwada. Womasulira amene aika “kugwa” paliponse pamene waona “fall” amalemba Chichewa chimene agogo ake sangachimve.

Ntchito yachitatu, imene ili yovuta kuposa zonse, ndiyo ya mawu ofanana matanthauzo. Chiyambire 1852, pamene Peter Mark Roget anatulutsa buku lake losonkhanitsa mawu otere m'magulumagulu, ophunzira ambiri akhala alikuganiza kuti mawu a gulu limodzi angasinthanitsidwe mwachisawawa, ndipo amasankha lalitali kuti aoneke odziwa. Koma mawu amenewa ali ngati ana a bere limodzi, amene nkhope zawo zifanana pamene makhalidwe awo asiyana. Muyeso wathu ndi uwu: timachotsa liwu m'chiganizo, n'kuikapo linzake, n'kuona ngati chiganizocho chikali kunena zoona. Mayi akagwetsa kapu, liwu lake ndi “drop”, pakuti “fall” silinena za kugwetsa chinthu. Ndipo wodula mtengo amagwiritsa mneni wina, “fell”, amene malembo ake angofanana ndi nthawi yakale ya “fall”. “Collapse” ndi kugwa kwa chinthu chimene mphamvu zake zatha, kaya nyumba kaya munthu wokomoka. “Tumble” ndi kugwa mogubuduka. Alendo otsetsereka ndi mapazi awo kunka ku Boiling Pot, kunsi kwa mathithi, achita “descend”, pakuti atsika mwadala ndi pang'onopang'ono. Koma amene amadzimanga chingwe m'miyendo nadziponya kuchokera pa mlatho wa 1905 wowoloka Zambezi achita “plunge”.

Ngakhale maina a mathithi athu aphunzitsa phunziro lomweli kwa yense wopenya. Pakati pali Main Falls, Horseshoe Falls ndi Rainbow Falls, koma kumathero onse awiri kuli Devil's Cataract ndi Eastern Cataract, pakuti “cataract” ndi madzi ochuluka akugwa mwaukali. Ndipo liwu lomwelo likatuluka pakamwa pa dokotala wa maso litanthauza ng'ala. Kumunsi m'chigwa cha Batoka, kumene achinyamata athu amapalasa alendo m'mabwato a mphira, madzi sagwa kuchokera pamwamba koma athamanga ndi kuwinduka pamiyala, ndipo awo ndi “rapids”.

Chifukwa chake ndikudandaulirani, aphunzitsi anzanga ndi makolo, kuti mwana akadza ndi liwu limodzi nafunsa tanthauzo lake, musafulumire kumponyera liwu limodzi la Chichewa, koma mumfunse kuti analimva kuti, ananena ndani, ndipo linayenda ndi mawu ati. Inunso ophunzira, mukatsegula dikishonale musaime pa tanthauzo loyamba. Werengani onse ndi zitsanzo zake, ndipo pamene mwakayika funsani, pakuti safunsa anadya phula. Sungani kabuku kolembamo ziganizo zathunthu zimene mwamva, m'Chingerezi ndi m'chinenero cha amayi anu, pakuti imeneyo ndiyo ntchito yomwe ife timagwira, ndipo aliyense wa inu akhoza kuiyamba lero.