Mwagula fulati ku UK? Werengani kaye zaka zatsala pa lizi

Chithunzi chake ambirife tachionapo pa WhatsApp status: m'bale wathu wa ku Manchester kapena Leicester wanyamula makiyi, kumwetulira mpaka m'makutu, pansi walemba kuti Mulungu wachita. Kumudzi kuno timathokoza, timati basi watukuka. Koma funso lomwe sitifunsa ndi ili: pa lizi ya fulatiyo patsala zaka zingati?

Ku England ndi Wales mafulati ambiri amagulitsidwa pa leasehold. Tanthauzo lake, mwagula ufulu wokhala m'nyumbamo kwa zaka zowerengeka, mwina 99, 125 kapena 999, koma nthaka ndi chinyumba chonsecho ndi za munthu wina yemwe amamutcha freeholder. Zaka zikatha, fulati imabwerera kwa iye. Ife Amalawi si zachilendo kwenikweni, chifukwa malo a lizi ya zaka 99 timawadziwa kuno kwathu.

Vuto ndi lakuti wotchi siyambiranso mukagula. Fulati yomwe lizi yake ya zaka 99 idayamba mu 1985, pofika 2025 inali itatsala ndi zaka 59 zokha. Mwina mukuti, aaa, 59 ndi zambiri, ndidzakhala nditapita kalekale. Koma banki siganiza choncho. Mabanki ambiri safuna kupereka ngongole ya nyumba pa lizi yaifupi, ndiye tsiku lomwe mudzafune kugulitsa, ogula adzachepa ndipo mtengo udzatsika.

Nambala yofunika kuisunga m'mutu ndi 80. Lizi ikatsika pansi pa zaka 80, pamabwera ndalama ina yotchedwa marriage value. Lizi ikatalikitsidwa, mtengo wa fulati umakwera, ndipo lamulo limati theka la phindu lowonjezeralo lipite kwa mwini nthaka. Tingoyerekeza kuti phindulo akaliwerengera lakwana mapaundi 20,000: ndiye kuti 10,000 ndi yake, pamwamba pa zina zomwe mukulipira kale. Yemwe wayamba ndondomekoyi patatsala zaka 81 salipira ndalama imeneyi. Yemwe wazengereza mpaka 79, imamugwera.

Nkhani yabwino ndi yakuti lamulo lili kumbali yanu. Leasehold Reform, Housing and Urban Development Act ya 1993 imapatsa mwini fulati, yemwe lizi yake poyambirira idali yoposa zaka 21, ufulu wowonjezera zaka 90 pamwamba pa zomwe zatsala. Lendi ya nthaka ya chaka ndi chaka imatheranso pomwepo. Ngati mukukwaniritsa zofunika, mwini nthaka sangangokana chifukwa sakufuna.

Ndondomeko yake imayenda chonchi. Mumapeza katswiri wowerengera mitengo ya nyumba kuti akuuzeni ndalama yoyenera, komanso loya wodziwa za lizi. Loyayo amatumiza chidziwitso cha Section 42 chotchula mtengo womwe mukufuna kulipira, ndipo mwini nthaka amapatsidwa miyezi yosachepera iwiri kuti ayankhe. Atha kupempha chikole cha 10 peresenti ya mtengo mwatchulawo, kapena mapaundi 250 ngati ndiyo yochuluka. Mukalephera kugwirizana, nkhani imapita ku First-tier Tribunal, koma pempho liyenera kufika pasanathe miyezi isanu ndi umodzi kuchokera pomwe adayankha. Mukaphonya tsikuli, zonse zagwa, ndalama za maloya zapita ulele. Chowawanso, mumalipira ndinu ndalama zoyenera za loya ndi katswiri wa mwini nthakayo.

Ena amakonda njira yachidule, kungokambirana ndi mwini nthaka popanda kudzera m'lamuloli. Zimatha kufulumira, inde, koma apa mpofunika maso. Atha kukupatsani zaka zochepa, kapena kusintha mfundo zina za lizi mokomera iye. Musasaine kanthu loya wanu asanawerenge.

Nanga zoti malamulo asintha? N'zoona. Mu May 2024 kudakhazikitsidwa Leasehold and Freehold Reform Act, yomwe ikulonjeza zaka 990 m'malo mwa 90 komanso kuthetsa marriage value. Koma mbali zake sizidayambe kugwira ntchito tsiku limodzi. Yomwe idayamba pa 31 January 2025 ndi yochotsa lamulo loti mudikire zaka ziwiri mutagula. Pano mutha kuyamba ndondomekoyi fulati ikangolembedwa m'dzina lanu. Za zaka 990 ndi marriage value zimadalira malamulo ena oonjezera, ndiye musawerengere ndalama pa lonjezo.

Apa ndi pomwe mutu umaima. Ngati lizi yanu idatsika kale pansi pa 80, kudikira kutha kukupulumutsani ndalama, ngakhale zaka zikupitirira kuchepa. Koma ngati muli pa 81 kapena 82, kudikira ndi juga yoopsa. Bungwe la Leasehold Advisory Service limapereka uphungu waulere, ndipo chikalata cha lizi mutha kuchipeza kudzera ku HM Land Registry.

Ambiri mwa abale athu kumeneko ndalama ya nyumba adaipeza ndi mashifiti ausiku, uku akutumizabe ya fizi ndi feteleza kumudzi. Si ndalama yoti iwonongeke chifukwa cha tsamba limodzi lomwe munthu sadawerenge. Ndiye mchimwene kapena mchemwali akadzaikanso makiyi pa status, muyamikireni, kenako mufunseni: achimwene, lizi yatsala zaka zingati?