Cuma camasiye cikakhala m'maiko awili, lamulo la dziko liti ligawe?

Ife a kum'mawa malile sitiwaona ngati cinthu cacikulu. Wa ku Vubwi amakwatila ku Mchinji, wa ku Katete ali ndi amalume ake ku Mozambique, ndipo pa Kulamba ku Mkaika Acewa a maiko atatu amakhala pamodzi pamaso pa Kalonga Gawa Undi. Koma malilo akatha, pofika pogawa ng'ombe, nyumba ndi ndalama, m'pamene malile aja amaonekela. Khoti litsate lamulo la dziko liti?

Makhoti ali ndi mfundo ziwili zakale zoyankhila funso limeneli. Cuma cosasuntha, monga nyumba ndi malo, cimatsata lamulo la dziko limene cili. Cuma cosuntha, monga ndalama, ziweto ndi galimoto, cimatsata lamulo la dziko limene malemu anakhazikika n'kulitenga kukhala kwao kweni-kweni. Conco mlimi wokhazikika ku Chipata amene anamanga nyumba ku Lilongwe akamwalila wosalemba wilo, nyumbayo igawidwa mwa lamulo la Malawi, koma ndalama zake mwa lamulo la Zambia.

Mfundo zotele tinazilandila kwa Angelezi, pamodzi ndi malamulo amene anali kugwila nchito ku England pa 17 August 1911. Koma malamulo sakhala malo amodzi. Kale mkazi akakwatiwa, lamulo linali kumuwelengela kwao kwa mwamuna, ngakhale awiliwo atapatukana zaka zambili. Angelezi eni ake anacotsa zimenezi ndi lamulo la mu 1973. Kuno kwathu Khoti Lalikulu linali kuthetsa maukwati olembetsa ku boma potsata malamulo a ku England, mpaka Nyumba ya Malamulo inapanga lathu-lathu mu 2007.

Kukangana kwa malamulo kumacitikanso m'kati mwa dziko limodzi. Cisanafike caka ca 1989, munthu wofa wopanda wilo cuma cake cinali kugawidwa mwa mwambo wa mtundu wake. Kwa Acewa cinali kupita kucikazi, kwa ana a alongo, pamene kwa Angoni cinali kutsata kucimuna. M'banja la Mcewa ndi Mngoni aliyense anali kukokela mwambo wake, ndipo nthawi zambili wamasiye ndi ana ndiwo anali kutsala manja-manja. Lamulo la mu 1989, Intestate Succession Act, linaika magawo: 50 pelesenti ya ana, 20 ya mkazi kapena mwamuna wotsala, 20 ya makolo, ndi 10 ya ena amene malemu anali kuwasamala. Alimi zindikilani bwino apa: lamuloli silikhudza malo a mwambo amene tinapatsidwa ndi mafumu. Munda wa kumudzi ukali m'manja mwa mwambo.

Anzathu a ku Malawi nawo anasintha. Mu 2011 anapanga lamulo latsopano la cuma camasiye m'malo mwa la mu 1967, ndipo silitsata magawo athu aja. Amene apita ku Mchinji ataloweza 50, 20, 20 ndi 10 adzabwelako wokhumudwa.

Pa maukwati a ana, maiko atatuwa afika pa mau amodzi. Malawi anakonza malamulo ake aakulu mu 2017, Mozambique analetsa mu 2019, ndipo Zambia mu 2023 anati ukwati wa mwana wosakwana zaka 18 si ukwati, ngakhale ukhale wa mwambo. Kuolotsa mtsikana malile sikupulumutsanso munthu ku mlandu.

Kucokela mu 2016 Mzambia aloledwa kukhalanso nzika ya dziko lina. Koma pasipoti payokha sigamula za cuma. Khoti limafufuza kumene munthu anakhazikika ndi kumene anafuna kukalambila.

Nanga ticitenji? Tilembe wilo tikali ndi mphamvu, tiisaine pamaso pa mboni ziwili zimene sizidzalandilako kanthu. Tisunge bwino setifiketi ya ukwati, kaya ya ku parishi kaya ya ku boma, ndi mapepala a nyumba. Ngati tili ndi cuma kutsidya kwa malile, tifunse a Legal Aid Board kapena loya wodziwa malamulo a kumeneko. Zimene anatiuza agogo, ngakhale zimene tinamva mu 1990, mwina lelo zasintha, ndipo wolila nazo adzakhala mkazi ndi ana amene tawasiya.