Womanga misika pa bwalo la mzinda: zimene James Rouse anasiya ku Baltimore

Anthu ambiri akaona nyumba yaikulu ya masitolo kapena ya maofesi ikukwera, amaganiza za amisiri amene ali pa makwerero ndi kontilakita amene dzina lake lili pa chikwangwani. Komatu ntchito imakhala itayamba zaka zingapo m'mbuyomo, m'manja mwa munthu amene mwina sanagwirepo njerwa. Iyeyu ndiye amasankha malo ndi kuwagula, kupempha chilolezo ku khonsolo, kulemba ntchito ojambula mapulani, kukongola ndalama ku banki kapena ku kampani ya inshulansi, ndi kusaka amalonda oti adzalowe m'zipindazo n'kumalipira lendi. Mpamba wake umakhala wochepa poyerekeza ndi ngongole imene wasenza, ndipo obwereketsa satulutsa ndalama asanaone kuti sitolo yaikulu imodzi kapena ziwiri zasaina kale kuti zidzalowa. Lendi ndiyo imabweza ngongoleyo pang'onopang'ono kwa zaka zambiri. Motero malonda ake amadalira zinthu zimene si zake: msewu, madzi, magetsi, chitetezo, ndi anthu apantchito okhala ndi ndalama zogulira katundu. N'chifukwa chake anthu a ntchito imeneyi sasowa m'makomiti a chitukuko cha mzinda ndi m'mabungwe a amalonda. Ine ndikuona kuti mpando umenewo ndi wowayenera, pokhapokha ngati mawu omaliza atsalira eni mzinda. Moyo wa James Rouse, wa ku Maryland m'dziko la America, ukuonetsa bwino chifukwa chake.

Rouse anabadwa mu 1914 m'tauni ya Easton. Makolo ake onse awiri anamwalira mu 1930, ndipo nyumba ya banja lawo inapita ndi ngongole. Anaphunzira zamalamulo madzulo ku Baltimore uku akugwira ntchito, kenako analembedwa ku Federal Housing Administration, nthambi ya boma imene inkaikira kumbuyo ngongole zogulira nyumba. Mu 1939 iye ndi Hunter Moss anayambitsa kampani yopezera anthu ngongole zomangira. Kutereku analowa m'ntchitoyi kudzera ku ndalama, ndipo anadziwa msanga zimene obwereketsa amafuna kumva. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, mabanja ambiri anagula magalimoto n'kusamukira kunja kwa mizinda, ndipo Rouse anawatsata ndi masitolo. Anatsegula msika wa Mondawmin mumzinda wa Baltimore mu 1956, kenako Harundale Mall ku Glen Burnie mu 1958, umodzi mwa misika yoyambirira ku America yokhala ndi masitolo onse pansi pa denga limodzi. Mu 1961 anatsegula Cherry Hill Mall ku New Jersey. Ndalama zake zinachokera kumeneko.

Pa zaka zomwezo ankapezekanso m'magulu a nzika zimene zinkakakamiza eni nyumba za lendi ku Baltimore kukonza nyumba zowonongeka zimene amphawi ankakhalamo. Mu 1953 pulezidenti Eisenhower anamuika m'komiti yolangiza boma pa nkhani za nyumba, ndipo malangizo a komitiyo analowa m'lamulo la nyumba la 1954. Mu 1955 anali mmodzi mwa oyambitsa Greater Baltimore Committee, bungwe la akuluakulu a makampani limene linalemba ntchito akatswiri kuti ajambule mapulani okonzanso pakati pa mzinda. Mapulani amenewo ndiwo anabala Charles Center, dera la maofesi limene khonsolo inavomereza ndi kuthirapo ndalama, ndipo pambuyo pake ntchito inatsikira ku doko lakale la Inner Harbor, kumene kunali nyumba zosungiramo katundu zimene zinali zitasiyidwa. Apa ndi pamene phindu la munthu ngati Rouse pa bwalo la mzinda likuonekera. Ku Baltimore meya amasankhidwa kwa zaka zinayi, pamene kukonza pakati pa mzinda kumatenga zaka makumi awiri kapena atatu. Pamafunika anthu amene adzakhalapobe chisankho chikadutsa, odziwa mtengo weniweni wa zinthu, otha kuona ngati mapulani okongola papepala angapeze obwereketsa ndalama. Wandale ndi wogwira ntchito m'boma kawirikawiri luso limenelo alibe, ndipo mzinda umene umakana kulimva umadzaza makabati ndi mapulani osamangidwa.

Otsutsa ali ndi mfundo yolemera, ndipo sitiyenera kuilambalala. Akuluakulu anati khoswe akakhala pa mkhate sapheka. Munthu amene akulangiza khonsolo za komwe msewu udutse ndi yemweyo amene ali ndi malo m'mbali mwa msewuwo, ndipo mzinda ukayamba kudalira ndalama zake zimavuta kumudzudzula. Kwa Rouse mlanduwu uli ndi umboni. Misika imene iye ndi anzake ankamanga kunja kwa mzinda ndiyo inakokera ogula kutali ndi masitolo akuluakulu a mumsewu wa Howard Street, amene anatsekedwa imodzi ndi imodzi. Ntchito yogwetsa nyumba zakale pofuna kukonza mizinda, imene lamulo la 1954 linaipatsa mphamvu, inasamutsa mabanja masauzande ambiri, ochuluka mwa iwo anthu akuda, amene sanafunsidwe maganizo. Baltimore anali ndi anthu pafupifupi 950,000 mu 1950, koma pofika 2020 anali atatsika kufika pa 585,000 ndi ochepa pamwamba. Zonsezi ndi zoona. Koma kumuchotsa womanga pa bwalo sikumulanda mphamvu. Malo ali nawobe, amabanki amamudziwabe, ndipo akakanizidwa khomo lakutsogolo amakambirana ndi akuluakulu mseri, kumene palibe wolemba zimene agwirizana. Chothandiza ndi kumukhazika poyera, anene zimene ali nazo ndi zimene akufuna, ndipo pampando woyandikana naye pakhale amene adzasamutsidwe.

Columbia, tauni imene Rouse anaimanga kuyambira pansi, ikuonetsa zimene womanga wa mtima wabwino angathe ndi pamene mtima wabwino umaperewera. Mu 1962 ndi 1963 kampani yake inagula maekala pafupifupi 14,000 a minda m'boma la Howard, pakati pa Baltimore ndi Washington, ndi ndalama zochokera ku kampani ya inshulansi ya Connecticut General. Asanajambule msewu ngakhale umodzi anasonkhanitsa akatswiri a zamaphunziro, zaumoyo, zachipembedzo ndi za kakhalidwe ka anthu kuti akambirane mmene tauni ingathandizire munthu kukula bwino. Zotsatira zake zinali midzi khumi, uliwonse ndi masukulu, masitolo ndi malo ochezera akeake, njira za apansi zodutsa m'mitengo, ndiponso nyumba zopemphereramo zimene mipingo yosiyana imagwiritsa ntchito limodzi. Tauniyi inatsegulidwa mu 1967, chaka chimodzi lisanabwere lamulo la dziko lonse loletsa tsankho pogulitsa nyumba. Pa nthawi imene ogulitsa nyumba ambiri ankabweza ogula akuda, Rouse analamula kuti ku Columbia munthu wa khungu lililonse agule pamene akufuna. Akanatha kupeza phindu popanda kuchita zimenezo, ndipo ambiri ankaona ngati akuika malonda ake pangozi. Lero kumakhala anthu oposa 100,000, ndipo ndi amodzi mwa malo amene azungu ndi anthu akuda akhala moyandikana kwa nthawi yaitali ku America.

Komabe minda ija inagulidwa mobisa, kudzera m'timakampani ta mayina osiyanasiyana, kuti alimi asadziwe wogula weniweni n'kukweza mitengo. Anthu a m'bomalo anauzidwa mu Okutobala 1963, malo onse atagulidwa kale. Ena anganene kuti popanda chinsinsi tauniyo sikanamangidwa, ndipo mwina akunena zoona. Koma chimene chinayeretsa ntchitoyo chinachitika pambuyo pake: Rouse anayenera kupita kwa akuluakulu osankhidwa a boma la Howard, kufotokoza mapulani ake pa misonkhano ya poyera, ndi kudikira mpaka 1965 pamene anavomereza malamulo atsopano a kagwiritsidwe ntchito ka malowo. Iwo anali ndi mphamvu yokana. Ngakhale zinatero, Columbia ilibe meya mpaka lero. Mapaki, maiwe osambiramo ndi njira zake zimayendetsedwa ndi bungwe la Columbia Association, limene eni nyumba amalipirako chaka ndi chaka, ndipo zaka zoyambirira kampani ya Rouse ndiyo inali ndi mawu ambiri m'bungwelo. Mitengo ya nyumba inakweranso mpaka mabanja opeza zochepa, amene iye ankafuna kuti akhale pakati pa anzawo, akuvutika kupeza malo. Maloto a munthu mmodzi, ngakhale abwino, satetezeka ngati sanasanduke lamulo limene anthu angaligwire.

Ntchito imene inamutchukitsa kwambiri Rouse inali yobwezera moyo pakati pa mizinda imene misika yake inathandiza kuiumitsa. Ku Boston, mogwirizana ndi katswiri wa mapulani Benjamin Thompson ndi meya Kevin White, anakonza msika wakale wa Quincy Market n'kuutsegula mu 1976 pansi pa dzina la Faneuil Hall Marketplace. Mabanki ankakayika, popeza munalibe sitolo yaikulu yokoka anthu. M'malo mwake munali ogulitsa zakudya ndi amalonda ang'onoang'ono, ena akugulitsira pa tingolo, ndipo anthu anakhamukirako. Rouse atafuna kuchita zomwezo pa doko la kwawo, nzika zina za Baltimore zinakana, zikunena kuti malo a m'mbali mwa madzi ndi a aliyense. Nkhaniyo inapita ku voti mu 1978. Rouse ndi meya William Donald Schaefer anayenera kukopa anthu monga amachitira ofuna mpando, ndipo anapambana. Msika wa pa dokowo, Harborplace, unatsegulidwa mu 1980, ndipo chaka chotsatira magazini ya Time inaika nkhope yake pachikuto. Voti imeneyo ndiyo chitsanzo chimene ndikuchiikira kumbuyo. Womanga anabweretsa nzeru, ndalama ndi kulimba mtima, koma chilolezo chinachokera kwa eni doko.

Zimene zinatsatira zikulimbitsa mfundo yomweyo. Mizinda ina itaona khamu la ku Baltimore inafuna misika yofanana, ndipo ku Toledo, Flint ndi Richmond inamangidwa ndi thandizo la ndalama za boma, koma inalephera, chifukwa kunalibe alendo ndi ogula okwanira. Rouse anamwalira mu 1996. Mu 2004 kampani yake inagulidwa ndi General Growth Properties, imene inagwa ndi ngongole mu 2009. Harborplace inagulitsidwanso, inayamba kutha, masitolo n'kumatsekedwa, mpaka mu 2019 khoti linailanda m'manja mwa eni ake atsopano. Mtima wa munthu sulowa m'pangano logulitsira nyumba. Chimene chinatsala ndi lamulo la mzinda, ndipo n'chifukwa chake womanga wina atabwera ndi mapulani ogwetsa Harborplace n'kumangapo zina, anthu a ku Baltimore anafunsidwanso pa voti mu 2024.

Rouse mwiniwake anazindikira kuti misika yokongola sifika kwa wosauka. Atapuma pa kampani yake, iye ndi mkazi wake Patty anayambitsa Enterprise Foundation mu 1982, ataona mmene anthu a mpingo wina waung'ono ku Washington anakonzera nyumba za lendi za amphawi. Bungweli linali m'gulu la amene analimbikira lamulo la 1986 limene limachepetsera msonkho makampani oika ndalama m'nyumba za lendi yotsika, ndipo lamulo limeneli lamangitsa nyumba mamiliyoni. Apa luso lake la ngongole linatumikira anthu amene sakanalowa m'banki. Koma ku Sandtown-Winchester, dera losauka la Baltimore kumene iye ndi meya Kurt Schmoke anayamba ntchito yaikulu kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, madola oposa 100 miliyoni anamanga ndi kukonza nyumba zambiri popanda kuthetsa umphawi. Ntchito za m'mafakitale zinali zitapita. Fakitale ya zitsulo ya Sparrows Point, imene nthawi ina inkalemba anthu pafupifupi 30,000, inatsekedwa mu 2012. Mu 2015 mnyamata wa m'derali, Freddie Gray, anafa atavulala ali m'manja mwa apolisi, ndipo zipolowe zinayambira pafupi ndi Mondawmin, msika umene Rouse anamanga. Nyumba zabwino n'zofunika, koma ntchito, sukulu ndi chilungamo cha apolisi ndi udindo wa boma, ndipo palibe womanga amene angausenze m'malo mwake.

Kwathu kuno nyumba za masitolo monga Gateway Mall ku Lilongwe, Chichiri ku Blantyre ndi Manda Hill ku Lusaka zasintha kale kumene anthu amagula ndi kumene minibasi zimaima, ndipo zina zikubwera. Achinyamata amene akufuna ntchito imeneyi aphunzire kuwerengera ngongole ndi lendi, malamulo a malo ndi kamangidwe, koma adziwenso kuti akulowa ntchito imene imakhudza anthu amene sadzawaona ndi maso. Makhonsolo awaitane ndi kuwamvera. Inu eni mzinda, mukamva kuti malo a boma aperekedwa kwa womanga, funsani kuti pangano lake likuti chiyani, mavenda ndi ogulitsa ang'onoang'ono adzakhala pati, amene akusamutsidwa alandira chiyani, ndipo nyumbayo ikadzagulitsidwa malonjezowo adzawasunga ndani. Mafunso amenewa afunsidwe maziko asanakumbidwe, ndipo mayankho ake alembedwe.