Makinase: Mapuloteni Amene Amauza Selo Nthawi Yogawikana

Thupi la munthu limakula ndiponso zilonda zimapola chifukwa maselo amagawikana, limodzi n'kukhala awiri. Kugawikanaku sikuchitika mwachisawawa, kumadutsa m'magawo anayi. Mu gawo la G1 selo limakula, mu S limakopera DNA yake yonse, mu G2 limakonzekera, ndipo mu M makromozomu amapatukana, selo n'kuduka pakati. Amene amalola selo kuchoka pa gawo lina kupita pa linzake ndi mapuloteni otchedwa makinase.

Ntchito ya kinase ndi kutenga kachidutswa kotchedwa fosifeti kuchokera ku ATP, chomwe chimasunga mphamvu m'selo, n'kukamata pa puloteni ina. Puloteniyo ikamatidwa imasintha kaumbidwe, ndipo imayamba kugwira ntchito kapena kuleka, monga mmene swichi imayatsira ndi kuthimitsa magetsi. Mapuloteni ena amabwera pambuyo kudzachotsa fosifetiyo. Edmond Fischer ndi Edwin Krebs ndi amene anatulukira zimenezi m'zaka za m'ma 1950, ndipo analandira mphoto ya Nobel mu 1992. Munthu ali ndi mitundu ya makinase yoposa 500.

Pa kugawikana kwa selo, ofunika kwambiri ndi makinase otchedwa CDK. CDK payokha siitha kanthu kufikira itagwirana ndi puloteni ina yotchedwa cyclin. Kuchuluka kwa CDK sikusintha kwenikweni, koma mtundu uliwonse wa cyclin umapangidwa pa nthawi yake n'kuphwanyidwa ntchito ikatha. Mu G1, cyclin D imagwirana ndi CDK4 kapena CDK6, n'kumata fosifeti pa puloteni ya Rb, yomwe imatsekereza selo kuti lisayambe kukopera DNA. Rb ikafooka, cyclin E ndi CDK2 amalowetsa selo mu S. Kenako cyclin B ndi CDK1 amayambitsa M, ndipo selo silingamalize kugawikana cyclin B isanaphwanyidwe. Leland Hartwell ndi Paul Nurse anapeza za CDK pofufuza yisiti, pamene Tim Hunt anapeza cyclin mu 1982 m'mazira a kanyama kaminga ka m'nyanja yamchere. Atatuwa analandira Nobel mu 2001.

Palinso makinase oimitsa ntchito. DNA ikawonongeka, ATM ndi ATR amadzutsa puloteni ya p53, yomwe imachititsa selo kupanga p21, ndipo p21 imamanga CDK. Selo limaima kuti likonze powonongekapo. Zikakanika, limadzipha lokha.

Khansa imayamba pamene dongosololi lasokonekera. Kachilombo ka HPV, komwe kamayambitsa khansa ya khomo la chiberekero, kamapanga mapuloteni awiri: E6 imawononga p53 ndipo E7 imawononga Rb, motero selo limangogawikana popanda choliletsa. Khansayi ndi imene imapezeka kwambiri mwa amayi ku Zambia ndi ku Malawi, ndipo mayiko onse awiri anayamba kupereka katemera wa HPV kwa atsikana m'dziko lonse mu 2019. Pa khansa ina ya m'mawere pali mankhwala otseka CDK4 ndi CDK6, monga palbociclib, amene anavomerezedwa ku America mu 2015.

Tizilombo toyambitsa matenda natonso timadalira makinase kuti tichulukane. Chitsanzo ndi kachilombo koyambitsa matenda a kaodzera. Dera la Mfumu Chikwa m'boma la Chama lili m'chigwa cha Luangwa, komwe kuli nyama zakutchire zambiri ndi ntchentche za kashembe zofalitsa matendawa, ndipo bomali ndi limodzi mwa madera a ku Zambia kumene matenda a kaodzera amapezekabe. Kachilombo kake, Trypanosoma brucei rhodesiense, ndi selo limodzi lokha, lomwe limagawikana m'magazi a munthu kenako n'kulowa mu ubongo. Kali ndi makinase ake ofanana ndi CDK, otchedwa CRK, koma mapuloteni amene amagwira makromozomu ake pogawikana ndi osiyana kwambiri ndi a munthu. Mu 2020, akatswiri a ku yunivesite ya York ku England, mogwirizana ndi kampani ya Novartis, anasonyeza kuti kutseka kinase ya kachilomboka yotchedwa CLK1 kumasokoneza kapatukidwe ka makromozomu, kachilombo n'kufa.

Vuto lalikulu popanga mankhwala otere ndi lakuti malo amene ATP imalowa amafanana pa makinase ambiri, ndipo mankhwala ambiri amatseka pomwepo. Mankhwala osasankha bwino amaimitsanso maselo abwinobwino a m'mafupa amene amapanga magazi. N'chifukwa chake ofufuza amafunafuna pamene kinase ya kachilombo ikusiyana ndi ya munthu, kapena kinase imene selo la khansa likuidalira kuposa maselo ena onse.