Chifukwa Chake Chambo Chikusowa pa Msika

Anthu ambiri a ku Area 23 mu Lilongwe, ndiponso a m'midzi yozungulira, amadandaula kuti chambo chakwera mtengo. Pa msika pamapezeka usipa ndi utaka wochokera ku Salima, Nkhotakota ndi Mangochi, koma chambo chachikulu chimaoneka mwa apo ndi apo. M'malo mwake ogulitsa ena amayala timilu ta kasawala, ndiye kuti ana a chambo. Kuti munthu amvetse chimene chavuta, ayenera kuyamba wadziwa m'mene nsomba imeneyi imaswanirana.

Chambo chimakonda madzi osazama kwambiri. Nchifukwa chake chimapezeka makamaka kumwera kwa Nyanja ya Malawi, cha ku Mangochi kumene mtsinje wa Shire umatulukira, ndiponso m'nyanja ya Malombe. Mayi wina wa ku England, Rosemary Lowe, anafufuza moyo wake pakati pa 1945 ndi 1947.

Nyengo yoswana ikafika, chambo chachimuna chimakonza chisa pamchenga pansi pa madzi. Chachikazi chimaikira mazira pamenepo, nkuwatola ndi kuwasunga m'kamwa mwake kufikira ataswa. Ngakhale ataswa, anawo amathawirabe m'kamwa mwa make akaona choopsa. Pambuyo pake amakulira m'madzi a m'mbali, pakati pa mabango ndi udzu, ndipo pamapita zaka pafupifupi zitatu kuti nawonso ayambe kuswana.

Tsono khoka likakokedwa pa nthawi imeneyi limaononga katatu. Limasalaza zisa, limagwira make pamodzi ndi mazira mazana angapo amene ali m'kamwa, ndiponso limazula udzu umene ana amabisalamo. Ukonde wa maso ang'onoang'ono, makamaka neti ya udzudzu, umatsiriza ntchitoyo pakusesa kasawala yense. Kumudzi palibe amene amapha nkhuku yofungatira mazira, koma izi ndi zimene zimachitika pa nyanja.

Zotsatira zake zinaoneka ku Malombe, kumene chambo chinachepa koopsa cha m'ma 1990. M'chaka cha 2018 bungwe la IUCN, limene limayang'anira zamoyo za pa dziko lonse, linaika chambo m'gulu la nsomba zimene zili pafupi kutheratu.

Pofuna kuteteza nsombayi, Boma kudzera mu Dipatimenti ya Nsomba limatseka nyanja chaka chilichonse, ndipo m'miyezi ya Novembala ndi Disembala makoka saloledwa pa Nyanja ya Malawi. Lamulo limaletsanso kupha kapena kugulitsa chambo chosakwana masentimita 15, ndiye kuti mainchesi 6. Kuyambira m'chaka cha 1993 asodzi a ku Malombe anayamba kukhala ndi makomiti a pagombe othandiza kusunga malamulowa, ndipo lamulo la za nsomba la 1997 linavomereza kuti anthu a m'midzi azigwira ntchitoyi pamodzi ndi Boma.

Kodi kutseka madzi kumathandizadi? Ku America kuli malo otchedwa Chesapeake Bay, kumene nyanja yamchere yalowa kutali m'kati mwa mtunda. Kumeneko asodzi amapha nsomba yaikulu yotchedwa striped bass, imene imakwera m'mitsinje kukaswana. Nsombayi itachepa kwambiri, boma la dera la Maryland linaletsa kuipha kuyambira mu 1985. Usodzi unatsegulidwanso mu 1990, ndipo pofika 1995 kunalengezedwa kuti nsombayo yachulukanso. Patapita zaka inayambanso kuchepa, motero malamulo anakhwimitsidwanso, pakuti kusamala nsomba si ntchito ya chaka chimodzi.

Chitsanzo china chili pafupi, pa chilumba cha Mbenji m'boma la Salima. Kuyambira m'zaka za m'ma 1950 mafumu a Makanjira akhala akutseka usodzi pa chilumbachi nthawi ya dzinja, kuyambira Disembala kufikira Marichi. Asodzi onse amachokapo, ndipo amabwererako mfumu ikatsegula. Chifukwa cha mwambo umenewu Mbenji ndi malo otchuka ndi nsomba zambiri kufikira lero.

Koma mlandu suli kwa asodzi okha. Msodzi amapha kasawala chifukwa amadziwa kuti mumzinda muli omugula. Mayi wa ku Area 23 akakana mulu wa kasawala, wogulitsa sakaodanso, ndipo uthengawo umakafika kugombe. M'miyezi yotseka, banja lingathe kudya nyemba, mazira, usipa wouma kapena nsomba zoweta m'madamu.

Aphunzitsi akupemphedwa kufotokozera ana nkhaniyi m'kalasi. Rula ya kusukulu ndi ya masentimita 30, chotero chambo chilichonse chosafika pakati pa rulayo ndi mwana, ndipo sichiyenera kugulidwa. Ana akadziwa muyeso umenewu adzathandiza makolo awo pa msika.