Mfuti ya mpweya wa m'kabotolo: kugula n'kosavuta, nkhani ili pa kuidyetsa

Pali mfuti za mpweya zosafuna kupopa kapena kuthyola pakati. Mumangolowetsa kabotolo kachitsulo, kotalika masentimita 8, momwe muli magalamu 12 a mpweya wa CO2. Mukamanga chotsekera, nsonga ya mkati imaboola kabotoloko, mpweya n'kumveka kuti fyii, basi mfuti yakonzeka. Kampani ya Crosman ya ku America inayamba kugulitsa timabotolo totere mu 1954, ndipo mfuti yake ya Crosman 1077 imawombera ka 12 motsatizana musanaikemo zipolopolo zina.

Kukoma kwake ndi kumeneko. Ndi yopepuka, sikankha phewa, ndipo wophunzira kulasa chandamale sachedwa kuizolowera.

Koma ine ndimati mfutiyi ndi chiweto chodya kwambiri. Kabotolo kamodzi kamawombera ka 40 kapena 50 mphamvu isanagwe. Chitini cha zipolopolo 500 chimafuna timabotolo 10 kapena kuposerapo, ndipo kotha ntchito sikadzazidwanso, n'kotaya. Mukakaboola mwakaboola: simungakachotse kuti mudzakagwiritse ntchito mawa, pomwe kukasiya m'mfuti kwa miyezi kumawononga mphira zotsekera mpweya. Kulinso timabotolo ta magalamu 88 tomwe timakhalitsa, koma mtengo wake nawonso ndi wokwera.

Chimene ogulitsa satchula msanga ndi nyengo. M'kabotolomo CO2 amakhala wamadzimadzi, ndipo mphamvu yake imatsata kutentha. Pa madigiri 21 imakhala pafupifupi 850 psi. Kukazizira, monga m'mamawa wa June ku Dedza, chipolopolo chimagwa pansi pa pomwe mwalozetsa. Mukawombera mofulumira, kabotolo kamazizira kokha, vuto n'kukhala lomwelo. Dzuwa la October nalo ndi mdani: kusiya timabotoloti m'galimoto yotseka n'kuputa ngozi.

Kwa wokhala m'tauni, woti akhoza kuitanitsa timabotolo ku Johannesburg, amene amangofuna kulasa zitini Loweruka masana, mfutiyi ndi yabwino ndithu. Koma mlimi wofuna kuthana ndi makoswe pankhokwe, kutali ndi sitolo, agule ya sipuling'i. Ndi yolemera, imafuna mphamvu pothyola, koma imangodya zipolopolo basi.

Kaya musankha iti, yambani mwafunsa kupolisi za chilolezo, ndipo muziisunga potsekedwa, kutali ndi ana. Kachipolopolo ka mamilimita 4.5 kamaphulitsa diso.