Chilumba cha Mbenji: chifukwa chiyani nsomba sizikutha?

Asodzi anzathu, m'madoko ambiri dandaulo ndi limodzi: nsomba zachepa. Koma ku Mbenji, kachilumba ka miyala ka m'boma la Salima, utaka umaphedwa wokhwima chaka ndi chaka. Tiyeni tione chifukwa chake.

Miyala ndi mudzi wa nsomba

Pa miyala yozungulira chilumbachi pamamera ndere zomwe mbuna zimadya. Mbuna siziyenda mtunda wautali pa mchenga kapena pa madzi akuya, choncho chilumba chilichonse chimakhala ndi mitundu yakeyake. Mtundu wina akatswiri adautcha Metriaclima mbenjii potengera dzina la chilumbachi. Mtundu wotere ukatha pamalo pake, palibe kwina kokatenga mbewu. Nawo utaka umasonkhana pafupi ndi miyala ya pansi pa madzi.

Nsomba zimenezi zimaikira mazira ochepa, ndipo yaikazi imafungatira mazira ndi ana m'kamwa kwa masabata pafupifupi atatu. Tikapha mayi mmodzi, tapha ndi ana ake omwe.

Lamulo la mfumu

Kuyambira m'zaka za m'ma 1950, ufumu wa Makanjira udakhazikitsa nyengo yotseka usodzi. Mu Disembala aliyense amachoka pachilumba, ndipo amabwerera mu Epulo mwambo wotsegulira ukachitika. Miyezi imeneyi imapatsa nsomba mpata woswana ndi kukula. Mowa, chamba ndi juga nzoletsedwa, ndipo wolakwa amalipitsidwa kapena kuthamangitsidwa. Lamuloli lidayamba kale boma lisanakhazikitse lamulo la za usodzi la 1997, lomwe lidapatsa anthu a m'midzi mphamvu yosamalira nsomba mogwirizana ndi boma.

Zoyenera kuchita ma BVC

Si doko lililonse lili ndi chilumba, koma lililonse lili ndi malo oswanirana nsomba: miyala, mabango kapena mathiriro a mitsinje.

1. Khalani pansi ndi mafumu komanso asodzi akale, mugwirizane za malo oyenera kutetezedwa.
2. Letsani makoka a maso ang'onoang'ono ndi masikito.
3. Lamulo likhale limodzi kwa mwini makoka, mlendo ngakhale mbale wa mfumu.

Ife alangizi a za usodzi tili okonzeka kukuthandizani kulemba malamulo a padoko lanu. Tiitaneni pa msonkhano wanu wotsatira.